ZA NYIMBO ZOFATSA NDI ANTHU ODWAZIKA MATENDA

Mau onenedwa pa msonkhano wa Bungwe, olembedwa m'kalata muno kuti mafumu ndi mamembala amene sanathe kufika awerengere anthu ao.

 Pa misonkhano yathu tazolowera kukamba za misonkho, za sukulu ndi za mitengo ya mbeu. Lero tipempha kuti muchere khutu ku nkhani yooneka yaing'ono, koma yopezeka m'nyumba zambiri za m'midzi yanu. Nkhaniyo ndi ya munthu wodwazika matenda.

Tikapita kukazonda wodwala timafunsa kuti, "Wagona bwanji?" Koma ndani mwa ife afunsa mai wokhala pambali pa mphasayo kuti iye wagona bwanji? Ndiye amene atunga madzi, naphika phala, nasambitsa wodwala, namtembenuza usiku kuti asacite zironda. Ku zipatala zazikuru, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, anthu otere tiwadziwa ndi dzina loti agadiyani: aphikira panja, agona pansi, pamene munda wao kumudzi ulinkusanduka thengo. Tikumbukiranso zaka zija Edzi inasesa midzi yathu, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za Boma m'caka ca 2004, mmene agogo anadwazika ana ao mmodzimmodzi, wopanda wowalandira.

Munthu wotere adwala nthenda imene sitiiwerenga. Tulo timthawa, mutu umuwawa, apsa mtima pa kanthu kakang'ono, ndipo akakalipira wodwala, manyazi amgwira nalira kuseri kwa nyumba. Madokotala atiuza kuti nkhawa ikakhalitsa, thupi limacurukitsa madzi ena ace ochedwa cortisol, amene akweza kuthamanga kwa mwazi, nasokoneza tulo, nafooketsa mphamvu yokana matenda. Cifukwa cace si zacilendo kuona wodwazika alinkugwa, wodwala asanadzuke. Ndipo akagwa iye, nyumba yonse yagwa.

Tsono tinena kuti pali mankhwala amodzi osagula, amene tiri nao kale, ndiwo nyimbo yofatsa. Mtima wa munthu wamkuru akapumula ugunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi, ndipo mpweya ndi mtima zitsata msanga cimene khutu limva. M'caka ca 2006 dokotala Luciano Bernardi wa ku Pavia, m'dziko la Italy, pamodzi ndi anzace, analengeza zimene anapeza atamvetsa anthu nyimbo zosiyanasiyana, alinkuyesa matupi ao. Nyimbo zothamanga zinafulumizitsa mpweya ndi mtima, zapang'onopang'ono sizinatero, ndipo canzeru kopambana n'cakuti, pamene anadula nyimbo kwa mphindi 2 kuti pakhale cete, mtima ndi mpweya zinatsika kuposa mmene zinaliri asanayambe kumvera. Anaonanso kuti cogwira nchito kwambiri ndi liwiro la nyimbo, si mtundu wace ai. Potero palibe cifukwa coti tiyese kuti nyimbo za kutsidya kwa nyanja ndizo zokha zicita mankhwala.

Za mau a munthu zinadziwika kalekale. Florence Nightingale, mai wa nchito ya unamwino ku England, analemba m'caka ca 1859 kuti mau a munthu ndi zoimbira za zingwe, zimene kulira kwace kumakoka osadukaduka, zicitira wodwala zabwino. Ku Sweden, m'caka ca 2002, Eva Götell ndi anzace anafotokoza za anamwino osunga nkhalamba zimene nzeru zao zasokonezeka ndi matenda a ukalamba. Anamwinowo atayamba kuimba nyimbo zodziwika posambitsa ndi poveka nkhalambazo m'mawa, izo zinacepetsa kukana ndi kulimbana, ndipo nchito inapepuka kwa onse awiri. Mau awa tiwanena makamaka kwa inu mafumu, pakuti nkhalamba zotere ziripo m'midzi yanu, ndipo ena mwa umbuli azinenera ufiti, cikhalireco ndi odwala. Mwana amene asunga kholo lotere asenza akatundu awiri, nchito ndi miseche. Ayenera cinjirizo lanu.

Makolo athu sanali ndi zoyesera za madokotala, koma nzeruyi anali nayo. Mai wotonthoza mwana kumbuyo adzitonthoza yekhanso, pakuti poimba mpweya wace utuluka pang'onopang'ono. Akazi pamtondo ankatula madandaulo ao m'nyimbo, nabwerera kunyumba mitima itapepuka. Madzulo mkulu ankakhala pakhonde ndi bangwe, kaligo kapena kalimba, nyumba yonse iri phee. Lero oimba bangwe acepa, ndipo wailesi ndi foni za m'manja zalowa m'malo mwace. Zimenezi sitizikana, koma tifuna zigwire nchito ya bangwe uja, zisangokhala zophokosera.

Kwa odwazika matenda tipereka malangizo anai.

1. Sankhani nyimbo yapang'onopang'ono imene inu eni muikonda, kaya ya kwanu, kaya ya kuchalichi kapena kumzikiti. Koma nyimbo za pamaliro musaziimbe wodwala alinkumva, pakuti adzayesa kuti mwamtaya kale.

2. Ikani nthawi yace tsiku ndi tsiku, monga pamene wodwala wagona tulo. Khalani pansi mphindi 15, manja opanda nchito. Nyimbo ikatha musadzuke msanga. Khalani cete pang'ono, pakuti m'ceteyo muli mankhwala.

3. Wopanda wailesi asadandaule. Kuimba camumtima kapena kung'ung'udza motsitsa, potakasa phala kapena posambitsa wodwala, kukwanira.

4. Funsani wodwala ngati afuna kumva, ndipo akakana mleke. M'cipatala tsatani mau a anamwino, pakuti cotonthoza wina cikhoza kusautsa wa pa kama winayo.

Koma abale, tisanamizane. Nyimbo situnga madzi, silima munda, sigula sopo. Tikauza mai wotopa kuti aziimba, ife n'kubwerera kwathu manja ali m'thumba, tamcitira cipongwe. Ndipo tikaona wodwazika wakhala masiku ambiri osagona, wasiya kudya, kapena alankhula zofuna kufa, pamenepo nyimbo yokha sikwanira. Timperekeze kucipatala monga wodwala mnzace. Akuru anati mutu umodzi susenza denga.

Cifukwa cace tiika pamaso pa msonkhano uno zopempha zitatu. Coyamba, nyakwawa iri yonse idziwe nyumba za m'mudzi mwace mmene muli matenda a mgonagona, ndipo iitane abale kuti agawane masiku, kuti wodwazika apeze usiku umodzi pa sabata wogona tulo tokwanira. Pa ici amuna tisabisale kumbuyo kwa mwambo. Bambo akhoza kudikira mbale wace usiku, ndipo ulemu wace sucepa. Caciwiri, magulu a oimba akapita kukazonda matenda aimbe motsitsa, ndipo pamene ena alinkuimba, ena atenge mtsuko ndi nkhwangwa, kuti mwini nyumba akhale pansi amvere nao. Cacitatu, nyengo ya dzinja mafumu aitanitse dima pa munda wa iye amene ali kucipatala ndi wodwala, kuti pobwera asapeze njala irinkumdikira pakhomo.

Tipempha mamembala onse kuti akawerenge mau awa pabwalo, ndi kuti pa msonkhano ulinkudzawo mfumu iri yonse idzatiuze zimene zacitika m'dera lace. Amene adwazika lero adzadwazikidwa mawa, ndipo mwambo umene tiukhazika tsopano ndiwo udzatisunga ife tomwe.

 Tatha ife anu a m'Bungwe.