Kudika kwa Makolo ndi Kumanana kwa M'banja

Mafumu athu, anamkungwi, ankhoswe, amayi ndi abambo, ndiloleni lero ndikambe nkhani ya kuseri kwa chitseko, imene kawirikawiri sitiitulutsa pabwalo.

Zilipo nyumba zimene utsi umafuka tsiku ndi tsiku, nsima ikuphikidwa, alendo akulandiridwa, pamene eni nyumba atha miyezi akugona chofulatirana. Mmodzi adalakwiridwa, ndipo m'malo monena, adasankha kulanga mnzake pomumana mawu, nsangala, ngakhalenso mphasa. Womanidwayo sadziwa mlandu wake, choncho sadziwanso popepesera.

Kudziletsa makolo athu ankakudziwa. Mwana akabadwa, bambo ndi mayi ankadika kufikira tsiku lotenga mwana, poopa mdulo. Pamudzi pakagwa maliro kapena pakakhala chinamwali, eni ake ankadikanso. Mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, ndipo anamkungwi ankamulangiza kuika mkanda wofiira pogona kuti mwamuna adziwe, ndi woyera masikuwo akatha. Kudika kulikonse kunali ndi chifukwa chodziwika kwa onse awiri, kunalinso ndi tsiku lake lothera. Manyazi akatseka pakamwa, mkanda unkayankhula.

Kumana kolanga nako kulibe zimenezi. Chifukwa chake chimabisidwa, ndipo tsiku lothera salidziwa ndi womanayo yemwe. Womanidwa amayamba kudzikayikira, kenako kukayikira mnzake. Ena amakafuna chitonthozo kunja, nabwera ndi matenda m'nyumba. Ana nawo amamva kuzizirako, ngakhale palibe wawauza.

Ndisamveke molakwika. Thupi la munthu si ngongole yoti mnzake aitolere mwamphamvu. Wodwala, wotopa, wolira maliro, kapena woopa kupatsiridwa matenda ndi mnzake woyendayenda, ali ndi chifukwa chomveka chokanira, ndipo kumukakamiza ndi nkhanza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja limene dziko la Malawi lidakhazikitsa mu 2006 limatchula nkhanza za kumphasa pamodzi ndi zozunza maganizo. Chimene ndikudzudzula ndi kusandutsa chikondi kukhala mkwapulo.

Inu apabanja, mukakana, nenani chifukwa. Mukakwiya, tchulani cholakwacho dzuwa lisanalowe kawiri. Zikakulakani, itanani ankhoswe, pakuti ntchito yawo sithera pa tsiku la chinkhoswe.

Inu ankhoswe, musathamangire kunena kuti banja ndi kupirira. Mverani mwamuna payekha, mkazi payekha, kenako muwakhazike pamodzi. Mukapeza kuti gwero ndi kufooka kwa thupi, alimbikitseni apite kuchipatala onse awiri, popeza ambiri amabisa matenda m'kunyanyala chifukwa cha manyazi. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Inu anamkungwi, polangiza achinyamata, aamuna ndi aakazi omwe, aphunzitseni za kumphasa pamodzi ndi kuuzana zakukhosi. Pobwerera kwathu, amene tafulatirana ndi mnzathu tikayambe ndife kuyankhula usiku uno.