MWALA NAWO UMATOPA

Amayi ndi abambo, ophunzira a sukulu ya kwacha, lero tikambirana za miyala ya phiri lathu la Mulanje.

Phirili ndi lalitali kuposa mapiri onse m'Malaŵi muno. Nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002. Tikamaliyang'ana timati palibe chimene chingaligwedeze. Koma mwala nawo umatopa.

Taganizirani mtanda wa nkhokwe yodzaza chimanga. Chaka ndi chaka umapindika, ndipo timauona ndi maso. Mwala supindika choncho ayi. Uli ngati mbiya, umang'aluka.

M'kati mwa thanthwe muli timing'alu tosaoneka ndi maso. Mwala wa pansi umasenza miyala ya pamwamba usana ndi usiku. Katunduyo saphwanya mwala tsiku limodzi, koma timing'alu tija timakula pang'onopang'ono. Madzi akaloŵamo timakula msanga. Potsiriza timakumana n'kupanga mng'alu umodzi waukulu, mwala uja n'kugumuka.

Akatswiri a miyala anayesa zimenezi. Amapanikiza mwala m'makina ndi mphamvu yosakwana kuuphwanya nthaŵi yomweyo, n'kuusiya choncho. Poyamba umafinyika pang'ono. Kenaka umakhala ngati wangoti phee, koma m'kati ukung'aluka. Ukayandikira kusweka, ming'alu imakula mofulumira. Anapezanso kuti mwala wonyoŵa umasweka msanga kuposa wouma.

Ambiri mukukumbukira Napolo wa ku Phalombe mu Marichi 1991. Miyala, matope ndi mitengo zinatsika m'phiri la Michesi, anthu mazanamazana n'kufa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumulanso mapiri kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre. Mvula yamphamvu ndiyo inakokolola zonsezi. Koma miyala ikuluikulu imene inagubudukira m'midzi inayamba kung'aluka kalekale. Mvula inangomaliza ntchito.

Nanga ife okhala m'tsinde mwa phiri tichite chiyani?

1. Tiziyang'ana ming'alu ya m'matanthwe a kumtunda kwa mudzi. Yezani kukula kwa mng'alu ndi kamtengo, ndipo lembani tsiku m'kope lanu. Paja tsopano mukudziŵa kulemba.
2. Tisakumbe dothi kapena kuswa miyala pansi pa thanthwe lalikulu. Kutero n'kuchotsa mzati wa nyumba.
3. Tisamange nyumba m'khwaŵa kapena kunsi kwa mwala wolendeŵera.
4. Mng'alu ukamakula msanga, timiyala tikamagwa tokha, kapena madzi akatuluka pamalo pachilendo, uzani amfumu tsiku lomwelo. Ngati mvula ikugwa, chokanipo, musadikire kuti kuche.

Akuluakulu anati, chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

MAFUNSO
1. Kodi mwala umasiyana bwanji ndi mtanda wa nkhokwe?
2. Kodi madzi amachita chiyani m'ming'alu ya mwala?
3. Kodi m'mudzi mwanu muli thanthwe limene muyenera kumaliyang'anira?