Tinapita Kukakhuza Maliro Kwawo kwa Amene Anatibera

Gulu lathu la banki mkhonde ndi la ku Mchinji. Ife ndife amayi a mumsika. Timagulitsa zitenje, mpunga, usipa ndi ziwiya, ndipo pachipata cha Mwami timadutsa ngati pakhomo pathu, poti sabata siyitha tisanafike ku Chipata.

Anatipempha kuti pa chikondwererochi tilankhule zimene gulu lathu lapindula. Tinagwirizana kuti za malata, mbuzi ndi fizi mukazimva kwa magulu ena. Ife tikuuzani za chaka chimene tinatsala chimanjamanja, ndi mmene Mulungu anatiphunzitsira kukhululuka ife tisakufuna.

Mukukumbuka Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha ya Malawi inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mitengo inkasintha m'mawa ndi madzulo. Ife tinali pafupi kugawana masheya, ndipo tinaona kuti ndalama zikungosungunukira m'bokosi. Tinapangana kuti tizisandutse katundu, tigulitse pa Khirisimasi, kenako tigawane. Tinatsegula maloko onse atatu, tinawerenga pamaso pa aliyense, n'kupereka kwa msungichuma wathu kuti akapikule ku Johannesburg. Dzina lake sititchula. Anali mnzathu wa zaka zambiri, wodziwa njira ya Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo ana athu ankadya kwake. Tinamuperekeza pokwerera basi, tinamupempherera.

Masiku atatu oyamba ankayankha pa WhatsApp. Tsiku lachinayi foni inazima. Tinasala kudya poganiza kuti wachita ngozi kapena wamangidwa. Patatha milungu, munthu wina wakwathu anamuona ali bwinobwino m'tauni ina ya ku Joni komweko. Atamuyitana, analowa m'chigulu cha anthu n'kusowa.

Amayi, ndalama zimapweteka, koma chimene zimakoka pambuyo pake ndicho chimapweteka koposa. Mmodzi wa ife anamenyedwa ndi bambo akunyumba chifukwa m'masheya ake munali ndalama za feteleza. Wina anatseka benchi yake poti mpamba unathera pomwepo. Wina anali ndi mtsikana wa Fomu 3 kusukulu yogonera konko. Fizi itasowa mwanayo anakhala pakhomo, ndipo chaka chisanathe anali ndi pakati. Lero ali pabanja limene sanalikonzekere.

Tisakunamizeni kuti tinakhululuka msanga. Tinakadandaula kwa amfumu ndi kupolisi, ndipo mpaka lero sitiona kuti tinalakwa kutero. Koma tinapitirira pamenepo. Tinasiya kupereka moni kwa mayi ake okalamba. Ana ake akabwera kudzagula tomato, tinkawayang'ana mpaka ankabwerera. Ena mwa ife tinkapemphera kuti asaone mtendere kumene aliko. M'gulu mwathu muli a Chigwirizano, a mphakati ndi a Dorika, ndipo msonkhano uliwonse tinkatsegula ndi Pemphero la Ambuye. Tikafika pa mawu onena za kukhululukira amene atilakwira, mawu ankatsika ngati wailesi yakutha mabatire. Tsiku lina mayi wamkulu wa m'gulu lathu, amene timawatchula kuti agogo, anatiyimitsa pakati. Anati, “Ana anga, tisankhepo chimodzi. Tisiye pempheroli, kapena tiyambe kuchita zimene likunena.”

Chaka chinatha, kenako tinamva kuti mayi ake aja amwalira, ndipo iye ali m'njira kubwera kudzayika maliro. Usiku umenewo tinakumana pakhonde la wapampando wathu. Malamulo a gulu lathu amati wina akaferedwa timapita tonse, timaphika, timagona pasiwa. Ena anati malamulowo anawang'amba yekha. Ena anati tipite ndi apolisi akamugwire kumanda.

Agogo anatsegula Mateyu mutu 18, pamene Petro akufunsa ngati kukhululuka kasanu ndi kawiri n'kokwanira, ndipo Yesu akumuyankha ndi fanizo. Kapolo wina anakhululukidwa ngongole ya matalente 10,000, ndalama zoti sakanabweza ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse. Atangotuluka anakanyanga pakhosi mnzake amene anali naye ngongole yokwana malipiro a masiku 100 okha. Ife ndife anthu a mabuku a ngongole, masamu amenewo tinawamva msanga. Agogo sanalalikire. Anangotifunsa kuti ndani mwa ife sanabisepo katundu pachipata, sananamizepo kasitomala mtengo wopikulira, sanadyepo ngongole ya gulu pa zimene sananene. Panali zii.

M'mawa mwake tinapita, aliyense ndi mbale ya ufa ndi mtolo wa nkhuni. Mayi wa mtsikana wa Fomu 3 uja anakana, ndipo sitinamukakamize. Titalowa m'siwa, mnzathu uja anadziphimba kumutu ndi chitenje. Sitinanene kanthu za ndalama. Tinaphika, tinatunga madzi, tinayimba usiku wonse. Ena tinkavundula nsima misozi ikugwa, ndipo sinali misozi ya maliro yokha.

Atatha masiku a maliro anabwera yekha pamsonkhano, anagwada pa dothi. Anati, “Amayi anga, ndinakulakwirani. Mukadabwera ndi apolisi ndikadapirira, koma ufa wanu uja wandisowetsa tulo.” Anaulula kuti anali ndi ngongole ya katapila imene ankatibisira. Anabwezako ndi ndalama zathu poganiza kuti zotsalazo azizungulitsa n'kubweza zonse, koma zinathera m'manja. Manyazi anamusunga ku Joni, akuchapa ndi kukolopa m'nyumba za anthu.

Apa ndi pamene tikufuna mutimvetse, chifukwa magulu ambiri amasokoneza. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda. Tinamukhululukira, koma ngongole sitinayifufute m'buku. Ndalamazo zinali za ana a anthu, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anali ndi mphamvu yozikhululuka m'malo mwa mnzake. Zakeyu atalandira Yesu kunyumba kwake sanathere pa kupepesa, analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Ife sitinapemphe kanayi, ndipo chiwongoladzanja tinachichotsa. Tinalemberana pamaso pa amfumu kuti azibweza mwezi ndi mwezi, ndipo tinagwirizana kuti oyamba kulandira akhale amene anapwetekeka kwambiri. Kwacha imene akubweza lero siyigula zimene ikanagula nthawi ija. Kutayako tinakuvomera, ndipo ndi mtengo umene ife talipira.

Makiyi a bokosi sitinamubwezere. Yosefe anakhululukira abale ake amene anamugulitsa, komabe anayamba wawayesa kuti aone ngati anasinthadi asanadziulule kwa iwo. Mnzathu amakhala nafe pamphasa, amagula sheya imodzi, ndipo akadwala timakamuona. Kukhulupirika kokha akukumanga pang'onopang'ono ngati nyumba ya njerwa zoumba yekha.

Nanga kukhululukako kunali chiyani? Tinasiya kumufunira zoipa. Tinasiya kulanga ana ake pa mlandu umene sanapalamule. Tinasiya kufotokoza nkhani yake kwa kasitomala aliyense. Sizinachitike tsiku limodzi. Mitengo ikakwera, kapena tikakumana ndi mtsikana uja atabereka mwana kumbuyo, mkwiyo umadzukanso, ndipo timabwereranso pa maondo. Pamenepo ndi pamene tinamvetsa chifukwa chimene Yesu sanafune kuti Petro aziwerenga.

Mayi wa mtsikanayo mpaka lero salankhula naye. Gawo lake amalandira kudzera kwa mlembi. Sitimuweruza, ndipo tikukupemphani kuti m'magulu mwanu musamaponye mavesi pa munthu amene chilonda chake chikutulukabe magazi. Timamupempherera, ndipo thumba lathu la zadzidzidzi likusunga kangachepe kuti mwana wake akafuna kubwerera kusukulu, fizi isadzasowenso.

Tikusiyireni zinthu zitatu. Choyamba, musatume munthu mmodzi ndi chuma cha gulu lonse, ngakhale akhale mlaliki wa amayi. Ifenso tinalakwa pomusenzetsa yesero lotere ali yekha. Chachiwiri, funsanani za ngongole za kunja kwa gulu, chifukwa katapila amadya mwakachetechete. Chachitatu, lembani m'malamulo anu zimene mudzachite wina akadzakulakwirani, mudakali okondana, chifukwa tsiku la mkwiyo silipanga malamulo abwino.

Gulu lathu likanatha chaka chimene chija. Lilipo, likugawana, ndipo Pemphero la Ambuye tikulinena lonse mokweza, ngakhale masiku ena movutikira. Mulungu adalitse mgwirizano wathuwu, ndipo akuyendetseni bwino m'misewu ndi m'zipata zonse pobwerera kwanu.