Mayi anga ankawerengera ndalama pamphasa

Pa maukwati ambiri masiku ano uphungu umangodutsa mothamanga, poti maso a aliyense amakhala ali pa pelekanipelekani. Koma pa ukwati wina ku Lunzu, m'boma la Blantyre, malume ake a mkwatibwi, omwenso ndi nkhoswe yakuchikazi, anapempha kuti nyimbo ziyambe zaima kaye. Anati akufuna kukamba za mayi awo, agogo ake a mkwatibwiyo, amene anamwalira atapitirira zaka 80.

"Iwe mwanawe, ndi inu akamwini, tcherani khutu," anatero mkuluyo. "Munthu amene anayenera kukulangizani lero anagona. Ine ndingobwereza zimene ndinaona pakhomo pawo."

Malemuwo anali kamtsikana pa njala ya 1949, imene inakantha kwambiri madera ozungulira Blantyre. Abambo ambiri anachoka nthawi imeneyo kukasaka chakudya, ena osabwerera, ndipo amayi anatsala okha ndi ana. Zimenezi sizinawachoke m'mutu. Mpaka ukalamba, chimanga chambewu ankachimangirira kutsindwi la khitchini kuti chizifukiridwa ndi utsi, anankafumbwe asachiyandikire, ndipo ngakhale pa njala ya 2002, ana akudya gaga, sanalole kuti aliyense achikhudze.

Koma pamene mkuluyo anakhazikika ndi pa nkhani ya Wenela. Bambo awo analembetsa ntchito ya kumigodi ku Joni kudzera ku bungwe la Wenela, monga anachitira amuna ambirimbiri a dziko lino, nasiya mkazi ndi ana aang'ono. Mayiwo ankalima okha, kusinja okha, nkumaotcha zitumbuwa zokagulitsa pamsika wa Lunzu. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. M'mudzi munalibe foni. Mayiwo anakhala masiku angapo mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati amuna awo anali m'ndegemo, komabe m'mawa uliwonse khasu linali paphewa. Boma la Kamuzu linaletsa kulemba anthu ntchitoyi, ndipo bambowo patapita nthawi anafika ali amoyo.

Usiku wa tsiku limene anafikalo, mayiwo anayala mphasa, nayatsa koloboyi, namasula kampango kamene ankasungiramo ndalama. Anafotokoza ndalama iliyonse imene inabwera kuchokera ku Joni: iyi inagula mbuzi, iyi malata, iyi yunifolomu ya ana, iyi ndi yotsala. Bambowo nawonso anatulutsa zawo naziika pamphasa pomwepo. Mkuluyo anati iye anali mnyamata, akusuzumira kuseri kwa chitseko, ndipo kuyambira tsikulo mpaka bambo awo kumwalira sanamvepo makolo ake akukangana za ndalama.

Apa anatembenukira kwa mkwati. "Akamwini, tamva kuti mukulingalira zokasaka ganyu ku Johannesburg. Sitikuletsani, anzanu ambiri akukwera mabasi. Koma mkazi wanuyu adziwe kumene mukugona ndi zimene mukulandira. Bambo anga ankadalira kalata yoyenda masabata. Inu foni ili m'thumba, ndiye musadzatiuze kuti munasowa njira." Kwa mkwatibwi anati: "Iwenso mwanawe, ukalowa banki m'khonde, mwamuna wako adziwe ngongole imene watenga. Asadzamve anthu atabwera kudzanyamula mipando."

Mawu amenewa ndi ofunika kuwamva, chifukwa milandu yambiri imene ankhoswe amaitanidwira imayambira pa ndalama zobisirana, kenako nkufika pa kukayikirana kwina.

Za kumpingo mkuluyo anangozikhudza pang'ono, poti amene anali m'holomo ankazidziwa kale. Malemuwo anali a Mvano mu CCAP, ndipo Lachinayi ankavala bulauzi yoyera ndi duku nkuyenda wapansi kukazonda odwala, thobwa lili m'chigubu. Pamaliro ankafika msanga ndi kuchoka mochedwa. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, anatolera zidzukulu zonse zimene zinkangokhala pakhomo nkuziperekeza okha kusukulu.

Mkwatibwi anali atawerama, akupukuta misozi. Malume akewo anauza awiriwo kuti zikavuta asathamangire kwa anzawo kapena pa Facebook, koma aitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri nkhani isanakule. Kenako anatulutsa ndalama m'thumba la jekete, naitana abale akuchikazi kuti aimirire, pelekanipelekani ayambe.