Pamene Timapulogalamu Towonjezera Tasowa pa Bulawuza

Nkhani ya lero ikukhudza anthu amene amapezera chakudya pa kompyuta m'malokeshoni a mzinda wa Blantyre, monga olembera anthu makalata pa msika wa Ndirande, osindikiza zikalata ku Bangwe, ndi ophunzira a ku Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Ambiri mwa iwo amaika pa bulawuza yawo timapulogalamu tating'ono, timene a Firefox amatitcha add-on, pamene a Chrome amati extension. Kena kamamasulira mawu, kena kamasunga mawu achinsinsi, ndipo kena, monga uBlock Origin, kamatsekereza zotsatsa malonda zimene zimadya bandulo. Tsiku limene kotsekerezako kasowa, bandulo imatha msanga, ndipo phindu la tsikulo limapita nayo.

Choyamba chimene omvera ayenera kudziwa ndi chakuti kapulogalamu kosaoneka kawirikawiri kamakhala kalipo. Kuyambira m'chaka cha 2020, Chrome imasonkhanitsa timapulogalamuti pansi pa kachizindikiro kamodzi kamene kali pamwamba, cha kudzanja lamanja, ndipo Firefox inayamba kuchita chimodzimodzi mu Januwale 2023. Munthu akadina pamenepo amaona mndandanda wonse, ndipo angathe kukhomerera kamene akufuna kuti kazioneka nthawi zonse. Komanso pa zenera lachinsinsi, limene Chrome imalitcha Incognito, timapulogalamuti timakhala totseka kufikira mwini wake atatipatsa chilolezo. Pa foni ya Android, Chrome silandira timapulogalamu totere n'komwe, koma Firefox imalandira.

Chachiwiri ndi kusagwirizana kwa kapulogalamu ndi bulawuza. Eni mabulawuza amasintha malamulo a kapangidwe, ndipo kapulogalamu kamene mlengi wake sanakakonzenso kamasiyidwa m'mbuyo. Mu Novembala 2017, Firefox 57 inaleka kulandira timapulogalamu topangidwa m'njira yakale. Nayo kampani ya Google inayamba mu 2024 kuthetsa dongosolo lotchedwa Manifest V2, ndipo chifukwa cha ichi uBlock Origin inazimitsidwa pa Chrome yatsopano. Amene akuifunabe ali ndi njira ziwiri: kuika uBlock Origin Lite, imene mphamvu yake ndi yocheperapo, kapena kusamukira ku Firefox, kumene yoyamba ija imagwirabe ntchito.

Chachitatu ndi ukalamba wa makina. Makompyuta ambiri a m'malokeshoni anagulidwa atagwirapo kale ntchito kunja, ndipo ena akali ndi Windows 7. Pa makina otere Chrome inalekezera pa nambala 109, pamene Firefox inalekezera pa 115. Kapulogalamu katsopano kangathe kukana kulowa pa bulawuza yakale chotere. Palinso nkhani ya chiphaso chimene Firefox imatsimikizira nacho kuti kapulogalamu ndi koona. Mu Meyi 2019 chiphaso chotere chinatha nthawi yake, ndipo timapulogalamu ta anthu pa dziko lonse tinazima mwadzidzidzi kufikira bungwe la Mozilla litakonza. Chiphaso china chinatha pa 14 Malichi 2025, ndipo oyenera kupulumuka anali okhawo amene anali ndi Firefox 128 kapena ESR 115.13 ndi zotsatira zake. Popeza chiphaso chimayendera tsiku, kompyuta imene kabatire kake ka m'kati kanafooka, nibwerera ku chaka chakale magetsi akazima, ingathenso kusokoneza zinthu. Ndi nzeru kuyang'ana tsiku ndi nthawi pa makina munthu asanalipire wokonza.

Tsono wofufuza vuto ayambe ndi zosavuta. Aone ngati kapulogalamuko kali pa mndandanda ndiponso ngati ndi koyatsa. Aone nambala ya bulawuza yake, ndipo aikonzenso kuti ikhale yatsopano ngati makina akulola. Ngati tsamba lina, monga lolemberapo fomu ya sukulu kapena ya ntchito, likukana kutseguka bwino, azimitse timapulogalamu tonse, kenaka aziyatsa kamodzikamodzi kufikira kolakwako kataoneka. Kuchotsa bulawuza yonse kukhale kotsiriza, chifukwa munthu angataye mawu achinsinsi amene anasungamo.

Chenjezo lalikulu lili pa kufunafuna cholowa m'malo. Kapulogalamu kowonjezera kangathe kupatsidwa mphamvu yowerenga zonse zimene munthu amalemba pa tsamba, kuphatikizapo za ku banki. Akuba amapanga timapulogalamu ta maina ofanana ndi todziwika, ndipo akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kapulogalamu katengedwe ku Chrome Web Store kapena ku tsamba la Mozilla lenilenilo, munthu atawerenga dzina la mlengi wake ndi zilolezo zimene kakupempha. Mwini malo amene makasitomala amalembera zinsinsi zawo pa makina ake ali ndi udindo wosamala koposa, pakuti akawabera mmodzi, mbiri imawanda msika wonse.