Mwana wojambula kumapeto kwa kope musamukwapule

Inu ana a pano pa Mbulumbuzi mwakwera mumtengomo, ndakuonani.

Tayendera zojambula za ana athu, ndipo ndikufuna kunena za mayi wina wa ku Lusaka, Malenga Mulendema. Ali mwana ankaonera makatuni pa kanema, koma mwa ngwazi zonse zopulumutsa dziko panalibe yofanana naye. M'malo modandaula analemba nkhani yake. M'chaka cha 2015 nkhaniyo inasankhidwa pa mpikisano wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, ndipo mu Julaye 2023 inatuluka pa Netflix ndi dzina lakuti Supa Team 4. Luso lake lagona pa kusachita manyazi ndi kwawo. Ngwazi zake ndi atsikana anayi a sukulu, mmodzi dzina lake Temwe, wina Monde, owalemba ntchito ndi gogo wotchedwa Mama K, mzinda ndi Lusaka yemweyo wam'tsogolo, ndipo olemba anzake onse anali amayi a muno mu Africa. Chimene Netflix inagula ndi nkhani, ndipo nkhani kuno siisowa. Phiri la Chiradzulu ndi la Mbombwe kwa Chilembwe zili nazo zokwana zaka.

Ndikudziwa ena mukuti, "Bwana, zimenezo n'za anthu a makompyuta, kuno magetsi omwe ndi a apo ndi apo." Zoona, zithunzi za katuniyo sizinapangidwire ku Lusaka, komanso mayiyu anadikira zaka zisanu ndi zitatu. Amene akufuna ndalama ya ndiwo za lero asayambe ntchitoyi. Koma William Kentridge wa ku Johannesburg anatchuka dziko lonse ndi makala. Amajambula papepala, n'kutola chithunzi, kufufuta pang'ono, kujambulanso, n'kutolanso, mpaka zojambulazo zimayenda. Filimu yake ya 1991, Mine, ndi ya m'migodi momwe agogo athu ankapita pa Wenela. Makala ali m'khitchini mwanu, kamera ili pa foni mukundijambulirayi.

Tsono makolo, mukapeza tianthu kumapeto kwa kope la masamu, chikwapu chiyambe chapuma. Mufunseni mwanayo kuti tianthuto tikupita kuti. Aphunzitsi, phunziro la Expressive Arts lisamasanduke nthawi yosesa pabwalo. Anawo atsike mumtengo, tipereke mphoto.