Msonkhano wa khonsolo ya sukulu si wa aphunzitsi okha

Ine ndine mlimi, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ndili m'khonsolo ya sukulu, ija pa Chipwitikizi amati Conselho de Escola. Ndati ndikuuzeni m'mene msonkhano wake uyenera kuyendera.

Malamulo akuti khonsoloyi izikumana kosachepera katatu pa chaka. M'menemo mumakhala mkulu wa sukulu, aphunzitsi, makolo, oimira mudzi ndi ana asukulu. Wotsogolera ndi pulezidenti wosankhidwa ndi voti, ndipo mkulu wa sukulu sakhala pa mpando umenewo.

Poyamba mlembi awerenge zomwe tinagwirizana ulendo watha, tione zachitika ndi zomwe zakanika. Kenaka ibwere nkhani ya ndalama za ADE, zija boma linayamba kutumiza m'masukulu mu 2003 zogulira choko, makope ndi zina zotero. Apa ndiye makolo ambiri amangoti zii, ati sadziwa Chipwitikizi. Ayi abale! Pemphani awerenge m'Chinyanja, aonetse malisiti, zalowa zingati, zatuluka zingati. Musasaine pepala lomwe simunalimve.

Tikatero tikambe za ana amene akujomba nthawi ya fodya, ndi atsikana amene akukwatiwa asanakwane zaka 18, chinthu chimene lamulo la 2019 linaletsa. Amayi alankhule, mwana wasukulu nayenso apatsidwe mpata. Tisanabalalike tigwirizane tsiku lina, lisakhale lamsika.

Anawa ndi athu, ndalamazo ndi zawo. Mukaitanidwa siyani khasu, pitani mukafunse.